Khola la Akavalo ku Makwasa

Ine Muhiwa, mwana wa Nampuluma,
ntchito yanga inali ndowe.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndikusesa khola
la akavalo atatu a mzungu wa tiyi,
kuwapesa chenjerere, kuwazula nkhupakupa,
osakwerapo ngakhale tsiku limodzi.
Msana wa kavalo unali mpando wa pakhonde la bwana:
timapukuta, sitikhalapo.

Kalaliki Jailosi ndiye adandizunguza mutu.
Ankapukuta fumbi m'mabuku a mu ofesi
nkumaba mawu, poti ndalama zinali zowerengedwa.
Tsiku lina chiperoni chitatitsekera m'khola
adati: Kodi kwawo kwa nyamazi ukukudziwa?
Kutali uko, kopanda phiri, kopanda mtengo,
udzu wokhawokha mpaka pomwe thambo lagwera,
kunali anthu obadwira pamsana pa kavalo.
Mwana ankakwera asanayambe kuyenda,
mkaka wa kavalo ndiwo thobwa lawo,
nyumba zawo zoyenda pa magudumu.

Kudabwera mfumu yakutsidya, asilikali ngati linthumbu,
kufuna msonkho, kufuna maondo pansi.
Iwo sadaime.
Adakwirira zitsime, kutentha msipu,
nkumangopita, tsiku limodzi patsogolo pake.
Mfumu idathamangitsa fumbi miyezi
mpaka asilikali kuyamba kuphika malamba awo.
Itatuma mthenga kuti, Imani amantha inu,
adaibwezera chishalo chopanda kavalo.

Ndidaseka mpaka kutsamira fosholo.
Ife tidawoloka Ruo wapansi, mitolo pamutu,
kuthawa chikoti cha Mpwitikizi
kudzagwera m'chikoti cha thangata.
Kuthawa ndinkakudziwa ngati dzina langa.
Zoti nakonso ndi nkhondo
palibe adandiuzapo.

Mvula itakhwima, chimanga chikumasula,
kapitawo adasuzumira pazenera la khola:
Mawa tambala woyamba, manga chishalo.
Bwana akukasasula madenga a okana thangata,
akukazulitsa minda ya kuseri kwa Nsuwadzi.
Kumeneko kunali mlongo wanga Alinesi,
pakati pa miyezi isanu ndi itatu.

Usiku umenewo ndidatsegula zitseko zonse zitatu.
Awiri adalowa mu nkhungu osatsanzika.
Wofiirira uja, amene ndinkamutcha Nakhuwa,
adaima, akundipumira m'khosi.
Ndidati: Mayi, agogo ako sadabadwire m'khola.
Adandigwetsa kawiri m'mizere ya tiyi,
dzino ili lidatsala komweko.
Kachitatu ndidakumbatira khosi ngati mwana pamsana
ndipo adandinyamula, mwina pondimvera chisoni.

Kutacha bwana adafika wapansi,
matope mpaka m'maondo, chipewa chikudontha.
Adapeza mafuwa ozizira, nkhokwe zapululu,
zitseko tidanyamula, nkhunda tidamasula,
chimanga chanthete tidatchetcha tokha
kuti dzanja lake lisapeze chozula.
Adafuula kwa makoma.
Pobwerera adapeza pakhonde pake
chishalo chopakidwa mafuta bwinobwino,
monga ndinkachitira masiku onse.

Musandifunse ngati tidapambana.
Tiyi akadali pomwepo, wobiriwira ngati alibe mlandu.
Jailosi adamuchotsa ntchito, adafera ku migodi.
Alinesi adachira panjira, pansi pa msuku,
mwanayo tidamutcha Sitinaime.
Nakhuwa sadathe chaka kumunsi kwa Thekerani;
kashembe adamuluma, adaonda ndikuona,
ndidakumba dzenje masiku awiri ndekha
anthu akundiseka kuti ndikulira nyama
yomwe akadatha kuidya.

Anthu a udzu aja sindidziwa dzina lawo.
Mwina Jailosi adawonjezerako mchere.
Koma ichi ndidachiona ndi maso anga
nkhungu itang'ambika pang'ono pamwamba pa mtunda:
tiyi yemwe adapinda msana wa mayi anga,
yemwe ankatimiza mpaka m'chiuno,
ukamuyang'ana uli pa kavalo
ndi kachitsamba chabe, kafupi,
koti ungathe kukalumpha.